Mpeni wa nyenyezi zitatu

## Mbuzi ya pa chinkhoswe

Pa chinkhoswe cha mlongo wanga kwathu ku Ntcheu, mbuzi imodzi yokha inatiyalutsa anyamata tonse a pabanja. Kugwira tinaigwira, kugwetsa tinaigwetsa, koma titafika posenda chikopa mipeni inayamba kukana. Woyamba unali wa kukhitchini, wa chigwiriro cha pulasitiki, ija amagulitsa pamsika pamodzi ndi sefa ndi masupuni. Unkangoterereka pachikopa. Msuweni wanga anatulutsa wake wopinda, wonyezimira, wojambulidwa chinjoka, n'kuutsegula mwamatama kuti atsikana aone. Atangoukanikiza pamfundo ya mwendo, unadzitseka wokha, pang'onong'ono kumudula zala. Uku azimayi kumafuwa ayamba kale kufunsa ngati ndiwozo zibwera lero kapena alendo adyere nsima mchere.

Amalume anali pampando pansi pa mtengo wa mango, akungotiyang'ana. Kenako anandikodola.

"Iwe, kodi Okapi wa malemu bambo ako uja anapita kuti?"

Ndinayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana pansi. Katundu wa bambo tinagawana maliro atatha, ndipo aliyense akhoza kukuuzani amene anatenga njinga, amene anatenga wayilesi, amene anatenga jekete la ku Joni lija. Za mpeni palibe amene ankakumbuka. Mbuziyo tinamalizira ndi mpeni wobwereka kwa mnyamata wootcha kanyenya pamsewu, wosulidwa pamudzi pomwepo kuchokera ku sipuling'i ya galimoto.

Chinkhoswe chinayenda bwino, anthu anavina mpaka fumbi koboo. Koma ine funso la amalume ndinakwera nalo basi, ndinadutsa nalo pa Zobue, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, mpaka kukafika nalo ku South Africa kumene ndimakhala. Mpeniwo ndinkauona m'maso: chigwiriro cha mtengo chofiirira, chokhota pang'ono, chokhomedwa kamwezi ndi nyenyezi zitatu, kumsana kamphete kokoka potseka. Bambo akamautsegula unkalira kre-kre-kre, kenako kha! Ankasendera nzimbe, kudulira luzi, kupalira mpini wa khasu, kutisongolera mapensulo, ndiponso, amayi asakuona, kuwengera zikhadabo. Ife ana kuugwira kunali kupalamula.

## Joni inali pongodutsira

Ambirife timauwerengera kuti ndi mpeni wa ku Joni, ndipo chifukwa chake chilipo. Amuna a Wenela ndi a Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa, pobwera kumigodiko ankatsika ndi sutikesi, bulangete, chipewa, ndi kampeni m'thumba la buluku. Bambo anali a m'magulu omalizira. Ulendo wa kumigodi unaimitsidwa mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo utatsegukanso mu 1977 pansi pa TEBA (Theba uja), iwo ali mnyamata wosakwatira, analembetsa. Pofika 1988 zolemba Amalawi zinatha.

Chaka cha 1988 chomwecho ndi chimene Okapi anayamba kupangidwa ku South Africa. Kumbuyo konseko, kuyambira 1902, mipeniyi inkachokera ku Solingen, mzinda wa ku Germany wotchuka ndi mipeni, malumo ndi masizasi, ndipo ankaipangira dala misika ya kuno ku Africa. Kampani ina ya ku South Africa ndiyo inagula dzina ndi makina, n'kuyamba kuipangira ku Isithebe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Ndiye kuti mpeni wa bambo, ngakhalenso ya anzawo onse amene anatsika nawo mgodi, inali ya ku Germany. Ku Joni inkangodutsira.

Kanyama kojambulidwa pachitsulo kaja, tili ana tinkakangana kuti ndi gwape kapena mbidzi. Ndi okapi, mwini dzina la mpeniwo, nyama ya m'nkhalango za ku Congo, m'bale wake wa nyamalikiti. Azungu anaidziwa bwino mu 1901 kudzera mwa Harry Johnston, yemwe uja anakhala ku Zomba akulamulira dziko lathu utsamunda utangoyamba, amene boma la Mangochi linkadziwika ndi dzina lake kuti Fort Johnston. Chaka chotsatira, nyamayo idakali nkhani ku Ulaya, Ajeremani anaiika pampeni.

Nditadziwa izi ndinaona kuti ntchito yakula. Okapi watsopano ndi wosavuta, ungolowa m'hadiweya ku Joni n'kutuluka naye. Ine ndinkafuna wolembedwa kuti Made in Germany.

## M'zigubu za m'masitolo a zinthu zakale

Ntchito yanga ndi yoika mapampu a sola m'mafamu, choncho ndimayenda kwambiri m'matauni ang'onoang'ono a ku Mpumalanga ndi Free State: Standerton, Bethal, Volksrust, Vrede, Frankfort. Matauniwa amafanana. Tchalitchi cha nsanja yaitali pakati, nkhokwe zikuluzikulu za chimanga pafupi ndi njanji, sitolo ya alimi, ndipo penapake mumsewu wammbali, sitolo ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Anzanga akamathamangira tchipisi masana, ine ndimalowa m'menemo.

Mukalowa, musataye nthawi ndi kabati yagalasi ya pakauntala. M'menemo muli mafoni, mawotchi ndi mipeni yonyezimira ija ya zinjoka. Yeniyeni imakhala m'chigubu cha ayisikilimu kapena m'dilowa ya tebulo lothyoka mwendo, pamodzi ndi makiyi osadziwika khomo lake, masipanala, mabatani ndi ndalama zachitsulo zimene zinasiya kugwira ntchito. Mlimi wokalamba akamwalira, ana ake ali ku Pretoria kapena kutsidya la nyanja, nyumba yonse imagulitsidwa pamodzi, ndipo wasitolo amasamala za filiji ndi mipando. Tizitsulo ting'onoting'ono amangokhuthulira m'chigubu. Kumeneko mpeni wopinda amati knipmes, ndipo mukangotchula mawu amenewo chigubu chimatuluka pansi pa kauntala.

Zimene zimatuluka m'menemo n'zosayembekezereka. Tofiira ta ku Switzerland ta Victorinox timakhala tambiri, nthawi zambiri kasizasi katathyoka. Ndinapezapo Opinel wa ku France, wa chigwiriro cha mtengo chobulungira ndi kakolala kozungulitsa kuti asatsekeke. Ndinapezaponso wachitsulo yekhayekha, wopyapyala, wakuda, wojambulidwa mphaka akudumpha, wa ku Solingen komweko. Koma amene Mabunu achikulire amawalitsa naye maso ndi Joseph Rodgers wa ku Sheffield, wa chizindikiro cha nyenyezi ndi mtanda. Ameneyo akapezeka sagona m'chigubu. Wasitolo amamudziwa, ndipo mtengo wake umatchulidwa munthu akukuyang'ana m'maso.

Kuyesa mpeni ndinaphunzira pang'onopang'ono, pena poona alimi eniake akusankha. Umautsegula, n'kugwira nsonga ndi zala ziwiri, n'kugwedezera uku ndi uku. Ukamagwedera, msomali wapakati watha. Umautseka n'kumvetsera: wabwino umatseka ndi mphamvu, kha, pamene wotopa sipuling'i umangogwa mwaulesi. Utatsekeka umapititsa chala pamwamba kuti umve ngati nsonga yatsalira kunja, chifukwa yotsalira imang'amba thumba, tsiku lina n'kung'amba ntchafu. Umayang'ana mtengo wa chigwiriro pozungulira misomali ngati wang'aluka. Dzimbiri lofiira la pamwamba si nkhani, limachoka. Loopsa ndi limene ladya timaenje pafupi ndi kothwera, chifukwa ngakhale unole bwanji pamatsala mano. Pomaliza umapukuta chitsulo ndi chala chonyowa n'kuwerenga chidindo. Pa mipeni ina ya ku Germany mumapeza W. Germany, ndiye mwadziwa kuti ndi ya pakati pa 1949 ndi 1990, dzikolo lili logawikana.

## Kufunsa mpeni uli mlendo

Pali chinthu chimene azungu osonkhanitsa mipeni sakumana nacho. Iwo akafunsa Okapi, wasitolo amaganiza za nyama yofutsa ndi agogo ake. Ine ndikafunsa, munthu wakuda, malankhulidwe osonyezeratu kuti ndine wobwera, nkhope ya wasitolo imayamba yasintha kaye. Ku South Africa mpeniwu uli ndi mbiri iwiri. Ndi wa m'busa, wa mlimi, wa msodzi, komanso ndi wa tsotsi, ndipo m'malokeshoni ukangoti nyenyezi zitatu aliyense amadziwa kuti sukunena za kumwamba.

M'sitolo ina mayi wina anandiyankha kuti mipeni kulibe, chigubu chili poonekera kumbuyo kwake. Sindinalimbane naye. Masiku ano ndimalowa nditavala ovolosi ya kuntchito, ndimayamba ndafunsa sipanala kapena pulayazi, ndipo za mpeni zimabwera tikucheza kale. Zimandinyansa kuti ndiyenera kutero, koma zimathandiza.

Lamulo lakumeneko, Dangerous Weapons Act la 2013, silinena kuti kukhala ndi mpeni m'thumba ndi mlandu. Limaletsa kukhala ndi chida m'njira yopatsa anthu chifukwa chokayikira kuti ukufuna kuvulaza munthu. Koma wokayikirayo ndi wapolisi amene wakuimitsa usiku pamalo okwerera mateksi, ndipo iwe ndi amene ufotokoze. N'chifukwa chake yanga imayenda m'bokosi la zipangizo, pamodzi ndi mawaya ndi masikuludalaiva. Abale ongofika kumene, imvani zimenezi.

Wa ku Germany woyamba sindinamupeze m'chigubu. Anali m'kasitolo kakale ka zonsezonse, kogulitsa ufa, zingwe, magalasi a nyali ndi mankhwala a nkhupakupa, m'katauni kena kufupi ndi mtsinje wa Vaal. Agogo aakazi a m'sitolomo, nditafotokoza, anakwera pakampando n'kutsitsa katoni ya fumbi lokhalokha imene amuna awo anaoda kalekale. Munatsala umodzi, wokulungidwa m'pepala la mafuta, wosagwirapo ntchito, nyenyezi zikuwala. Anandiuza mtengo wa buledi awiri. Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera, ndipo kunyumba ndinakauika m'chitini cha mabisiketi, wokulungidwa momwemo.

## Atelala a pakhonde

Nditabwera ku tchuthi ndinautenga. Ndinkafunanso kuona ngati kwathu kuno yakale ikupezeka, choncho ndinayenda m'misika ya mumsewu wa M1, kuyambira pa Kampepuza mpaka ku Lizulu. Kuno sitolo za katundu wakale ngati za ku Joni kulibe, kaunjika wathu ndi wa zovala ndi nsapato. Zitsulo zakale zimakhala kwa abambo oyala pachiguduli aja, ogulitsa maloko, mabawuti ndi zipangizo za njinga. M'mahadiweya ndinapeza yongofanizira: maonekedwe omwewo, kamphete komweko, koma nyenyezi zopaka utoto, ndipo ukautsegula kawiri sipuling'i yayamba kale kulefuka.

Pa sitolo ina yakale, ya khonde lalitali la zipilala, mnyamata wogulitsa anandiuza mosabisa. "Bwana, yodula ija sitiodanso. Anthu amafuna wotchipa, ukabuntha ataye agule wina. Wonola mpeni ndani masiku ano?"

"Alipo," anatero mawu kukhonde.

Anali atelala, agogo a imvi mbuu, tepi m'khosi, magalasi omanga ndi ulusi, atakhala pa makina a Singer opalasa ndi mapazi. Ndinawapatsa moni, anandilozera benchi la makasitomala, ndipo anandifunsa kwathu ndi mfunda wanga asanafunse china chilichonse. Atakhutira anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kanthu kakuda bii. Kre-kre-kre, kha!

Unali Okapi, koma ukanati sunalire sindikanauzindikira. Chitsulo chinali chitaonda ngati tsamba la nsungwi. Chigwiriro chinali chosalala, chakuda ndi thukuta la zaka, nyenyezi imodzi itagwa n'kutsala kadzenje. Kamphete kanali ka waya wa sipoko ya njinga, kopinda ndi manja. Ndinapukuta pafupi ndi chigwiriro ndipo zilembo zinayi zinali zikuonekabe: GERM.

"Munakagula ku Joni, agogo?"

"Joni? Ine Joni sindinapondeko, mwanawe. Ndinagula muno," analoza chitseko cha sitoloyo ndi chibwano. "Muli Mmwenye. Ine ndili mnyamata, ndikuphunzira kusoka pakhonde lomwelino. Munthu ankagula nsalu m'katimo, n'kutulukira kwa ife."

Apa ndinakumbuka zimene amalume ankanena, kuti m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula Amwenye kuchoka m'madera akumidzi kukachitira malonda m'mizinda ikuluikulu. Ngati mpeniwo unagulidwa Mmwenye asanachoke, ndiye kuti unali wamkulu kuposa ine. Sitolo inasintha eni kangapo, utoto wa makampani a foni unabwera n'kufufutika, koma atelala ndi mpeni wawo anali pomwepo.

Ndinatulutsa wanga m'chikwama, ndinaumasula m'pepala lake, n'kuwapatsira ndi manja awiri. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka. Anautembenuza, anautsegula, anayesa kuthwa kwake pachikhadabo cha chala chachikulu, kenako anatola kansalu pansi n'kuyesa kudula. Kansaluko kanangopindika.

"Ameneyu mwati ndi wabwino?"

"Ndi wa ku Germany, agogo, ngati wanuwo. Sunagwirepo ntchito chiupangireni."

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti ndi wabwino?"

Ndinasowa choyankha. Iwo anakoka dilowa ya makina n'kukhuthulira pa nsalu imene ankasoka. Munatuluka mabobini, choko, singano zothyoka, ndi mipeni itatu yopinda, yonse yooneka yatsopano, zitsulo zake zonenepa bwinobwino.

"Awa anandipatsa ana. Uyu wa ku Lilongwe, uyu wa ku Joni, uyu sindikumbuka. Ndinanola kamodzi, kawiri, ndinaona kuti akunditayitsa nthawi, ndinaponya umu. Taonani mmene anenepera. Mpeni woipa suonda, mwanawe, umakalamba uli wonenepa, chifukwa palibe amene amavutika nawo. Uwu ndaudya ndekha ndi mwala, pang'onopang'ono, chifukwa tsiku lililonse ndikaunola umandimvera."

Anawerama n'kutulutsa mwala pansi pa makina, wa kumtsinje wamba, wolowa pakati chifukwa cha kunolera. Anadonthezapo madzi a m'botolo n'kuyamba kunola wanga uja, osandipempha n'komwe. Mtima unandipweteka kumva chitsulo chosakhudzidwa chija chikukhwekhwereza pamwala, koma munthu wamkulu sumugwira dzanja. Ankagoneka mpeni pang'ono, kukankha ngati akufuna kusenda mwalawo, kutembenuza, kukankhanso, osathamanga, uku akundifunsa mitengo ya nsalu ku Joni. Atatha anaupukutira pachidutswa cha lamba wachikopa wa makina, mbali iyi ndi iyo. Anatolanso kansalu kaja. Kanagawika pawiri osamveka phokoso.

"Eya, chitsulo chake n'chomwechija," anatero. "Tsopano mwadziwa."

Ndinawafunsa, mwaulemu, ngati angandigulitse wawowo, kapena tisinthane. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati wanga ndi wonenepa kwambiri, sungalowe pansi pa ulusi pomasula msoko, ndipo kuti ufike pamene pafika wawo iwo adzakhala atagona kalekale. Anaubweza m'thumba la malaya, n'kupitiriza kupalasa makina. Kasitomala wa yunifolomu ya sukulu anali akudikira.

## Ndimayamba ndi yoonda

Kuchokera tsiku limenelo dzanja langa likalowa m'chigubu limapita kwina. Kale ndinkakankhira pambali yakuda ndi yoonda, kufunafuna yowala. Tsopano ndimayamba ndi imene ena akuitaya. Osonkhanitsa mipeni a pa intaneti amachita zosiyana: amalipira ndalama zambiri pa wosagwirapo ntchito, wa m'pepala lake, ndipo wonoledwa amati watsika mtengo. Pa malonda akunena zoona. Koma wosagwirapo ntchito sunakuuze kanthu, pamene woonda uli ndi mboni, munthu amene anauyesa zaka zambiri n'kuona kuti ndi woyenera kuusunga.

Mnzanga wina wa kuntchito, wowotcherera zitsulo, anatsutsa nditamufotokozera. Anati chitsulo chofewa nachonso chimaonda msanga, chifukwa chimabuntha pafupipafupi. Sananame. Okapi weniweniyo si wa chitsulo cholimba kwambiri. Wambiri ndi wa chitsulo cha kaboni chimene amachitcha 1055, chimene chimabuntha msanga kuposa mipeni yodula ya masiku ano, koma chimathwanso msanga pa mwala uliwonse, ngakhale pa simenti ya khonde. Kwa m'busa amene ali kudambo, kumeneko ndiye kufunika kwake. Choncho kuonda kokha sikukwanira. Ndimayang'ana ngati chigwiriro chatha mofanana ndi chitsulo, ngati pogwira chala chachikulu palowa, ngati msomali wapakati ukugwirabe zolimba ngakhale mpeni watsegulidwa kosawerengeka. Zikagwirizana zonsezi, ndimagula osanenerera kwambiri.

Palinso kuonda kwabodza, kwa galayindala. Wina amatenga mpeni wabwinobwino n'kuugunditsa pa makina onolera zikwanje, mphindi imodzi theka la chitsulo lapita. Umadziwika ndi mizere yakuya yopingasa, ndipo nthawi zina m'mphepete mumakhala mtundu wabuluu kapena wofiirira. Pamenepo chitsulo chinapsa, kulimba kwake kunachoka, ndipo sichidzasunganso kuthwa mpaka mutadya malo onse opsawo. Wonoledwa ndi dzanja umakhala wosalala, wotsetsereka bwino kuchoka kumsana kufika kothwera.

Kuda kwa chitsulo nakonso ndinasiya kudana nako. Chitsulo cha kaboni chikadula nyama, mandimu kapena mango chimasintha mtundu, chimayamba kutuwa kenako kuda, ndipo kuda kumeneko kumathandiza kuti dzimbiri lofiira lisalowe msanga. Chosachita dzimbiri chija, chimene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield mu 1913, chili ndi ubwino wake, makamaka kwa asodzi a kunyanja. Koma yotchipa yambiri ya chitsulo chimenecho ndi ija imanyezimira mpaka kalekale osadula kanthu.

Ndikabwera nawo kunyumba sindichita zambiri. Ndimadontheza palafini polumikizira, ndimatsuka ndi mswachi wakale mpaka matope a m'thumba la mwini wake atatuluka, ndimachotsa dzimbiri lofiira ndi sandipepa wosalala kwambiri, kenako kadontho ka mafuta a makina osokera. Mafuta ophikira polumikizira ayi, amauma n'kuchita ulimbo, ngakhale pachitsulo chodulira chakudya ndimapaka omwewo pang'ono. Kupukuta mpaka uwale ngati watsopano sindichita, ndipo ndikaona wina watero pa mpeni wakale ndimamva chisoni.

Wa m'pepala uja sunabwererenso m'chitini. Uli m'bokosi la zipangizo, umasenda mawaya, umadula mapaipi apulasitiki ndi malalanje a m'mafamu. Wayamba kuda. Mwala ndinatola mumtsinje kwathu, ndipo pa Mwanza wa kasitomu anauzunguza m'manja nthawi yaitali asanandifunse ngati ndi wa mankhwala.

Chinanso chimene chinasintha n'choti sindifunsanso munthu kuti andigulitse mpeni wa m'thumba mwake. Ndimapempha kuona, ndimafunsa kumene anaugula, ndipo nkhani zimene zimatuluka pamenepo zimaposa mpeniwo: za masitolo a Mandala ndi Kandodo, za ulendo wa pansi wopita ku Salisbury (Harare wa lero), za mafamu a fodya. Umene ndimagula ndi umene mwini wake anausiya kale, uli m'chigubu.

## Alamu a ku Leeds

Vuto la chizolowezi chotere n'loti abale akamva amayamba kuitanitsa. Alamu anga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds anaona chithunzi pa WhatsApp, nthawi yomweyo foni.

"Alamu, ameneyo ndi wa bambo anga ndendende! Munditumizire mmodzi."

Ndinawauza kuti ayambe afunsa malamulo akumeneko. Ku England, lamulo la 1988 limalola munthu kuyenda ndi mpeni wopinda popanda kupereka chifukwa pokhapokha ngati kothwera kwake sikupitirira mainchesi 3, komanso ngati ulibe loko. Okapi wa kamphete amalephera zonse ziwiri: wamkulu uja ndi wotalika kuposa pamenepo, ndipo kamphete kaja ndi loko. Kuusunga m'nyumba ndi nkhani ina, koma alamu anga ndimawadziwa, angauike m'thumba popita kokagwira shifiti ya usiku kuti azisendera maapozi. Munthu wa viza ya ntchito safunika mlandu wotero.

Anadandaula kuti dziko lake ndi lotani loopa kampeni ka nzimbe. Ndinawakumbutsa kuti Sheffield ili pafupi ndi kwawoko, ulendo wosakwana ola limodzi pa sitima, ndipo m'misika ya zinthu zakale ya kumeneko Joseph Rodgers wamng'ono wopanda loko, amene Mabunu akumulirira ku South Africa, akhoza kumupeza mosavuta kuposa ine. Tinapangana kuti iwo asake ameneyo, ine ndiwasungire wa nyenyezi zitatu, tidzasinthane pa Khirisimasi kumudzi, aliyense atanyamula wake m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege kapena pa basi. Ndawatumizira kale malangizo a kugwedeza nsonga ndi kumvetsera sipuling'i. Sabata yatha anatumiza chithunzi cha woyamba amene anapeza, akufunsa ngati agule. Unali wonyezimira, wojambulidwa chinjoka.